Mbali Ina ya Thabwa

Yafika Lachinayi pa galimoto ya ku Blantyre,
envelopu ya khaki, ngodya imodzi itanyowa ndi mvula ya pa Namadzi.
Ndaitsegula ndekha, chitseko nditakhoma,
ndipo tiyi wanga wazizira ndisanamulawe.

Che Ajasi ali pa benchi panjapo chiyambire mbandakucha.
Ntchito yawo ndi kutsitsa matabwa m'phiri la Zomba,
mapewa anachita zikang'a ngati khosi la ng'ombe ya ngolo.
Pamiyendo pawo wagona Sumani, wa zaka zinayi,
maso achikasu, tizala totupa ngati talumidwa ndi mavu.

Tsiku lija nditati tiyeze majini, awo ndi a mayi,
anaseka mpaka kutsokomola:
"Majini? Kwa Shehe tinapitako kale, sanapeze chiwanda."
Ndinati ayi, si aja oyenda usiku,
awa ndi malemba a m'magazi
amene kholo limalembera mwana lisakudziwa.
Ndinati siko selo ndi thabwa lalitali,
munthu mmodzi salitsitsa,
pamafunika wina kutsogolo, wina kumbuyo.
Anagwedeza mutu. Za matabwa amazidziwa.

Tsono pepala likuti mayi anagwiradi mbali yawo.
Phewa la Che Ajasi lilibe kanthu.

Anadinda chala pa fomu kuti tifufuze nthenda.
Sanadinde kuti tikafukule usiku wina
wa zaka zisanu zapitazo,
usiku umene sindikudziwa ngati Abiti Twaha anaufuna,
kapena unangowagwera m'njira ya ku chigayo,
kapena anaukwirira kalekale n'kubzalapo chinangwa.
Makina sanena zimenezo.
Amangoloza chala, ngati mwana pa maliro.

Kusukulu anatiphunzitsa ziwiri pa tsamba limodzi:
usabise choona,
usavulaze.
Palibe anatiuza chochita
ziwirizi zikakumana pa kamlatho kopapatiza ka Likangala,
china chikupita ku msika, china chikuchokako.

Ndikakhala chete,
bamboyu apitiriza kudziyesa mwini tsoka.
Alongo ake ku Songani adzaopa kubereka
chifukwa cha magazi oipa amene mtundu wawo ulibe.
Ndipo magaziwa ndi awo, yankho ndi lawo,
ine ndani kuti ndilitsekere m'kabati?
Ndikayankhula,
mawa mphasa imodzi ipindidwa ku Chinamwali,
ankhoswe akhala pansi pa mango,
ndipo pa mwezi wa Juni, chisanu chikaluma mafupa a Sumani,
adzamubereka ndani pakati pa usiku
kutsika naye mpaka kuno, kabaza atasowa?

Kawiri konse bamboyu anatambasula mkono
kuti mwana apeze botolo la magazi.
Anagulitsa wailesi. Anagulitsa mbuzi ya bere.
Amadziwa kulira kwa njala, amadziwa kulira kwa mafupa,
amasiyanitsa ali m'tulo.
Pa fomu yanga palibe mzere wolembapo zimenezi.

Pali kakhomo kothawira, ndikukadziwa.
Nthawi zina timabotolo timasinthana,
dzina limamatidwa polakwika.
Ndingathe kunena kuti tiyezenso,
n'kugula masabata atatu a mtendere wangongole.
Ndingathe kuitana mayi poyamba, paokha,
koma pamenepo ndasankha kale mwini chinsinsi,
ndasandutsa bambo mlendo pa pepala la dzina lawo.

Ndatsegula chitseko.
Abiti Twaha akuyang'ana simenti,
ngodya ya chitenje ili m'kamwa.
Che Ajasi aimirira pang'onopang'ono kuti mwana asadzuke,
amusamutsira pa phewa lamanzere,
lija lachikang'a chachikulu,
avula chipewa ndi dzanja lotsalalo.

"Anesi, musaope, nenani.
Mbali yanga ya thabwa ndi yolemera bwanji?"

Envelopu ili m'manja mwanga.
Kumbuyo kwawo mzere wafika kale pa mpopi,
ndipo wina akufunsa ngati ndayamba kuitana manambala.